Mankhwala a dazi ofooketsa mahomoni achimuna: kodi amathandizadi, nanga kuopsa kwake n'kotani?

Funso: Ndine bambo wa zaka 31, ndipo tsitsi langa layamba kupyapyala pa liwombo komanso m'mbali mwa mphumi, monga momwe zinachitikira ndi bambo anga ndi amalume anga. Mnzanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandiuza za mapiritsi a finasteride, koma pa intaneti ndawerenga kuti amapha mphamvu za abambo mpaka kalekale. Mkazi wanga nayenso tsitsi likumuthera m'mphepete mwa mutu, ndipo chaka chamawa tikufuna mwana wachiwiri. Kodi mankhwalawa amathandizadi, ndipo kodi tonse awiri tingamwe?

Yankho: Bambo, mafunso anu ndi awiri ndipo mayankho ake ndi osiyana. Kwa inu, ngati dokotala atatsimikiza kuti vuto lanu ndi dazi lakumtundu, finasteride ndi amodzi mwa mankhwala ochepa kwambiri amene ali ndi umboni wokwanira woti amaimitsa kuthothoka kwa tsitsi, ngakhale kuti ali ndi zovuta zina zimene muyenera kuzidziwa musanameze piritsi loyamba. Kwa mayi akunyumba, yankho ndi lakuti asamwe, ndiponso asakhudze piritsi losweka la mankhwalawa, chifukwa cha mimba imene mukuikonzekera komanso chifukwa chakuti n'zotheka kwambiri kuti vuto lawo silikuchokera ku mahomoni.

Dazi lakumtundu limayamba zinthu ziwiri zikakumana: chibadwa chimene munthu watengera kwa makolo a mbali zonse ziwiri, ndi homoni yotchedwa DHT. Thupi limapanga DHT kuchokera ku testosterone, homoni yaikulu yachimuna, pogwiritsa ntchito enzaimu (chinthu cha m'thupi chimene chimasintha mankhwala ena kukhala ena) yotchedwa 5-alpha reductase. Mwa munthu amene ali ndi chibadwa cha dazi, mizu ya tsitsi ya pa liwombo ndi pamphumi imanyala pang'onopang'ono ikamakhudzidwa ndi DHT, moti tsitsi lililonse lomera m'malo mwa limene lagwa limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyambalo, mpaka pamapeto pake pamatsala cheya chokha. Mizu ya kunkhongo ndi m'mbali mwa makutu siimva DHT chotere, ndipo n'chifukwa chake nkhalamba ya dazi lowala imakhalabe ndi tsitsi kumbuyoko. Sikuti munthu wa dazi ali ndi testosterone wambiri kuposa anzake, ayi. Mizu yake ndi imene imamva msanga. Mu 1942, James Hamilton wa ku America anaonetsa kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi. Mu 1974, Julianne Imperato-McGinley anafotokoza za mabanja a ku Dominican Republic omwe ana awo aamuna ankabadwa opanda enzaimu ija yogwira bwino ntchito: akakula ankakhala ndi prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) yaing'ono ndipo sankachita dazi, koma ankabadwanso ndi maliseche osaumbika bwino moti ambiri ankaleredwa ngati atsikana. Kampani ya Merck inatengera nzeru pamenepa popanga finasteride, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linawavomereza mu 1992 pa mlingo wa 5 mg pochiza prostate yotupa, kenako mu 1997 pa mlingo wa 1 mg pochiza dazi la amuna. Mbiri imeneyi ikufotokoza ubwino wa mankhwalawa komanso chifukwa chake ali oopsa kwa mwana wamwamuna amene ali m'mimba.

Piritsi la 1 mg patsiku limachepetsa DHT m'magazi ndi pafupifupi 70 peresenti, popanda kuchepetsa testosterone. Pa kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 1998, yemwe anakhudza amuna 1,553 a zaka zapakati pa 18 ndi 41, amuna 83 mwa 100 aliwonse omwa finasteride sanataye tsitsi lina patatha zaka ziwiri, pamene mwa amene ankamwa piritsi lopanda mankhwala ndi 28 okha amene anali choncho. Atatsatiridwa kwa zaka zisanu n'kuyerekeza zithunzi zawo, 48 mwa 100 anaoneka kuti tsitsi lawonjezeka, 42 anali monga anayambira, ndipo 10 anapitirizabe kuthothoka, pamene m'gulu losalandira mankhwala 75 mwa 100 anali atatayanso tsitsi loonekeratu. Mukawerenga bwino manambala amenewa muona kuti ntchito yaikulu ya finasteride ndi kusunga tsitsi limene mudakali nalo, osati kubweza limene linapita kalekale. Amagwira bwino pa liwombo kusiyana ndi pamphumi, amagwira bwino mwa munthu amene dazi langoyamba kumene, ndipo pamalo posalala pamene mizu inafa zaka zapitazo palibe chimene amachita. Pamafunika miyezi itatu kapena kuposa kuti kusintha kuyambe, ndipo chiweruzo chenicheni chimaperekedwa pakatha chaka. Chinanso chimene ogulitsa sakonda kunena n'chakuti mankhwalawa sachiza chibadwa: mukasiya kumwa, DHT imabwerera mwakale pasanathe milungu iwiri, ndipo tsitsi limene munapulumutsa limathothoka m'kati mwa miyezi 12. Choncho musanayambe, dzifunseni ngati muli wokonzeka kumwa ndi kugula piritsi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, monga amachitira munthu wa BP.

Tsopano tibwere pa nkhani imene yakuopsezani. M'chaka choyamba cha kafukufuku uja pamodzi ndi wina wofanana naye, amuna 3.8 peresenti omwa finasteride anadandaula za vuto lina la kuchipinda, kaya kuchepa kwa chilakolako, kufooka kwa mphamvu ya abambo kapena kuchepa kwa umuna, poyerekeza ndi 2.1 peresenti ya amene ankamwa piritsi lopanda mankhwala. Izi zikutanthauza kuti pa amuna 100 aliwonse, ndi awiri kapena kucheperapo amene vuto lawo tinganene kuti labwera ndi mankhwalawo, ndipo ambiri mwa iwo anachira atasiya kumwa, ena ngakhale akumwabe. Mantha nawonso ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Mu 2007, madokotala a ku Italy anapereka finasteride wa 5 mg kwa amuna a vuto la prostate, ena n'kuwauza za zovuta za kuchipinda ndipo ena osawauza. Mwa amene anauzidwa, pafupifupi 44 peresenti anadandaula za zovutazo, pamene mwa osauzidwa anali pafupifupi 15 peresenti okha. Sindikutchula zimenezi pofuna kunena kuti odwala azibisiridwa choonadi, chifukwa kutero n'kulakwa, koma kuti mudziwe kuti munthu amene wayamba mankhwala atawerenga nkhani zoopsa usiku wonse akhoza kufooka ndi nkhawa yokha.

Komabe, kungakhale kusaona mtima kunena kuti zonse ndi mantha chabe. Pali amuna ena amene akunena kuti mavuto awo a kuchipinda, dzanzi kumaliseche, kusowa tulo ndi kuvutika maganizo zinapitirira kwa miyezi kapena zaka atasiya mankhwalawa. Mu 2012, FDA inalamula kuti chenjezo la mavuto a kuchipinda opitirira otere lilembedwe pa pepala la mankhwalawa. Ku Britain, bungwe loona za mankhwala la MHRA linachenjeza mu 2017 za kukhumudwa kwambiri ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo mu 2024 linalamula kuti m'bokosi lililonse muzikhala kakhadi kochenjeza wodwala. Mu 2025, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA linatsimikiza kuti maganizo ofuna kudzipha ndi limodzi mwa mavuto amene mapiritsi a finasteride angabweretse, koma linanenanso kuti ubwino wa mankhwalawa udakali woposa kuipa kwake ndipo silinawaletse. Mavuto amenewa ndi osowa, koma akagwera munthu amakhala olemera kwambiri poyerekeza ndi dazi, lomwe silipha munthu ndipo silifupikitsa moyo. Ine maganizo anga ndi akuti mwamuna amene anadwalapo matenda ovutika maganizo, amene anaganizapo zodzipha, kapena amene ali kale ndi vuto la kuchipinda, asayambe finasteride chifukwa cha tsitsi lokha pokhapokha atakambirana mozama ndi dokotala amene adzamutsatire. Wina aliyense amene wayamba auze mkazi wake kapena m'bale wapafupi kuti akumwa mankhwalawa, popeza kusintha kwa khalidwe kumaonedwa msanga ndi a m'nyumba kusiyana ndi mwini wake, ndipo akangoona kuti mtima wayamba kulemera popanda chifukwa, asiye tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala.

Popeza mukufuna mwana, nkhani ya mbewu ya abambo ikukukhudzani mwachindunji. Mwa amuna ambiri, mlingo wa 1 mg susintha kwenikweni kuchuluka kwa mbewu, koma mwa ochepa, makamaka amene mbewu yawo inali yochepa kale, imatsika kwambiri ndipo kawirikawiri imabwerera akasiya. Mankhwala amene amalowa mu umuna ndi ochepa kwambiri moti saonedwa ngati chiopsezo chachikulu kwa mwana. Ngakhale zili choncho, popeza dazi limayenda pang'onopang'ono ndipo chaka chimodzi sichingakusandutseni wosalala mutu, malangizo anga ndi akuti mudikire mpaka mayi ataima, ndipo pakali pano mugwiritse ntchito minoxidil wopaka wa 5 peresenti, mankhwala ena a dazi amene sakhudza mahomoni. Dziwaninso kuti finasteride amatsitsa zotsatira za kuyeza magazi kotchedwa PSA ndi pafupifupi theka, moti mukadzafika msinkhu woyezetsa khansa ya prostate mudzayenera kumuuza dokotala kuti mumamwa mankhwalawa, apo ayi zotsatira zidzaoneka zabwino pamene si zabwino. Pa khansa yeniyeniyo, kafukufuku wa mu 2003 wa amuna oposa 18,000 omwa 5 mg anapeza kuti khansa ya prostate inachepa ndi pafupifupi kota, ngakhale kuti khansa ya mtundu woopsa inapezeka mochulukirapo pang'ono, ndipo atawatsatira kwa zaka 18 panalibe kusiyana pa chiwerengero cha omwalira. Mawere akayamba kutupa, kupweteka, kapena mukamva chotupa, kaonetseni msanga. Simuyeneranso kupereka magazi mpaka patatha mwezi umodzi mutasiya, kuopa kuti magaziwo angapatsidwe kwa mayi woyembekezera.

Mudzamvanso za dutasteride. Ameneyu amatseka mitundu iwiri ya enzaimu ija pamene finasteride amatseka kwenikweni umodzi, ndipo amatsitsa DHT ndi 90 peresenti kapena kuposa, motero amameretsa tsitsi mochulukirapo pang'ono. South Korea inamuvomereza pochiza dazi mu 2009 ndipo Japan mu 2015, koma m'mayiko ambiri ndi wovomerezeka pa prostate pokha. Kuipa kwake n'kwakuti amachedwa kutuluka m'thupi: pamatenga pafupifupi milungu isanu kuti theka lake lithe m'magazi, pamene finasteride amatenga maola ochepa chabe, choncho vuto likabuka simungalithawe msanga, ndipo kupereka magazi kumaletsedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Si mankhwala oyambira. Finasteride wopopera kapena wopaka pamutu amalowa m'magazi mocheperapo, koma amalowabe, ndipo mu 2025 FDA inachenjeza kuti anthu ogwiritsa ntchito opaka osakanizidwa m'mafamase adandaula za mavuto omwewo a mapiritsi. Palinso chiopsezo chakuti mkazi angawakhudze pa pilo kapena pamutu pa mwamuna wake. Mankhwala azitsamba monga saw palmetto mphamvu yake ndi yochepa ndipo umboni wake ndi wofooka.

Za mayi akunyumba, chinthu choyamba ndi mimba. DHT ndi imene imaumba maliseche a mwana wamwamuna m'miyezi yoyambirira ya pakati, choncho mankhwala alionse oichepetsa kapena oitsekereza, kaya finasteride, dutasteride, spironolactone kapena cyproterone, angachititse kuti mwanayo abadwe ndi maliseche opunduka monga ana a ku Dominican Republic aja. Mayi aliyense amene angathe kutenga pakati sapatsidwa mankhwala a gulu limeneli pokhapokha ali pa njira yodalirika yolera, ndipo woyamwitsa nayenso ayenera kufunsa dokotala kaye.

Chinthu chachiwiri ndi malo amene tsitsi likuthera. Dazi lakumtundu mwa amayi limapyapyaza tsitsi pakati pa mutu, mzere wogawa tsitsi n'kumakulirakulira, koma m'mphepete mwa mphumi mumatsala mwabwinobwino. Tsitsi lothera m'mphepete mwa mutu ndi pamwamba pa makutu, monga mwafotokozera, kawirikawiri limakhala lokokedwa ndi malukidwe othina, mesh wolemera, mawigi omata ndi guluu, makamaka ngati zimenezi zikuchitidwa pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala. Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa ku Cape Town, anapeza mu 2007 kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse amene anawayeza kumeneko anali ndi vutoli, komanso atsikana a sukulu 17 mwa 100 aliwonse. Apa palibe homoni yolakwa, ndipo palibe piritsi la mahomoni limene lingathandize. Mankhwala ake ndi kumasula malukidwe, kupumitsa tsitsi, kukana kulukidwa mopweteka ku saluni, ndipo nthawi zina kupaka minoxidil, yemwenso ndi bwino kumupewa pa nthawi ya pakati. Likagwidwa msanga tsitsi limabwerera, koma likakokedwa kwa zaka zambiri mizu imasanduka chipsera ndipo silimeranso. Palinso nthenda ina yofala mwa amayi akuda yotchedwa CCCA, imene imayambira pa liwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa kapena kutentha, ndipo imasokonezedwa kwambiri ndi dazi lakumtundu. Imeneyi imafuna mankhwala oletsa kutupa, ndipo mwezi uliwonse umene wodwala wataya akumwa mankhwala a mahomoni ndi mizu ina imene yafa. Kupatula apo, tsitsi limathothoka mutu wonse patatha miyezi iwiri kapena itatu mayi atabereka kapena atadwala malungo aakulu, limathothoka ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, matenda a chithokomiro, zipere za m'mutu, chindoko chimene chafalikira m'thupi, ndiponso mwa amayi ena jakisoni wa Depo kapena njira yolera yoika pamkono. Zonsezi zili ndi chithandizo chake chosiyana.

Ngati m'tsogolo muno, mutamaliza kubereka, mayi atapezeka kuti alidi ndi dazi la mahomoni, makamaka ngati pali zizindikiro zina monga ndevu, ziphuphu zosatha ndi msambo wodumphadumpha, mankhwala amene madokotala amakonda kupereka pamodzi ndi minoxidil ndi spironolactone, pa mlingo wa 50 mpaka 200 mg patsiku. Awa ndi mankhwala akale a BP ndi matenda a mtima amene amatsekerezanso mahomoni achimuna kuti asagwire pa mizu ya tsitsi. Umboni wake pa tsitsi ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa finasteride mwa amuna: kafukufuku wa ku Australia wa mu 2005, wa amayi 80 omwa spironolactone kapena cyproterone, anapeza kuti 44 peresenti tsitsi linawonjezeka, 44 peresenti silinasinthe ndipo 12 peresenti linapitirira kuthothoka, koma panalibe gulu loyerekezera. Zovuta zake ndi kusokonekera kwa msambo, kupweteka kwa mawere, kukodza pafupipafupi, chizungulire, ndiponso kukwera kwa potaziyamu m'magazi komwe kungasokoneze kugunda kwa mtima. Mwa amayi achitsikana athanzi kukwera kumeneku n'kosowa, koma kumakhala koopsa mwa amene ali ndi vuto la impso, achikulire, ndi amene akumwa enalapril, losartan, ibuprofen, diclofenac kapena cotrimoxazole. Mankhwala omalizawa, amene ambiri timawadziwa kuti Bactrim, ndiwatchule mwapadera chifukwa kwathu kuno anthu ochuluka amene ali pa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuwaphatikiza ndi spironolactone popanda kuyeza magazi n'kuika moyo pachiswe. Amuna sapatsidwa spironolactone pochiza dazi chifukwa amameretsa mawere ndi kufooketsa mphamvu.

Mankhwala otsalawo ndiwadutsa mwachangu chifukwa pa tsitsi lokha sindiwalimbikitsa. Cyproterone pa mlingo waukulu komanso kwa zaka zambiri amawonjezera chiopsezo cha chotupa cha m'mutu chotchedwa meningioma, ndipo mu 2020 EMA inalamula kuti milingo ya 10 mg kapena kuposa izigwiritsidwa ntchito pa mavuto ngati amenewa pokhapokha njira zina zalephera. Mapiritsi ake a mlingo wochepa ophatikiza ndi homoni yachikazi ya estrogen, monga Diane-35, amawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha. Flutamide wawonongapo chiwindi cha anthu mpaka ena kumwalira. Bicalutamide pa mlingo wochepa akuyesedwa ndi madokotala ena a khungu ndipo amafuna kuyeza chiwindi pafupipafupi. Finasteride wa 1 mg, atayesedwa kwa chaka mwa amayi 137 osiya kusamba mu kafukufuku wa mu 2000, sanapose piritsi lopanda mankhwala, ngakhale kuti madokotala ena amapereka milingo yokulirapo kwa amayi osankhidwa bwino.

Choncho yambani nonse awiri ndi kuonana ndi dokotala wa khungu, kapena dokotala aliyense amene angayang'ane mutu mosamala ndi kuyeza magazi a mayi. Nthawi yoti inuyo muyambe finasteride ikadzakwana, jambulani mutu wanu kutsogolo ndi pa liwombo tsitsi lili lometedwa mofanana komanso kuwala kuli kofanana, mubwereze pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndi pakatha chaka, chifukwa kalilole wa tsiku ndi tsiku sangakuuzeni zoona. Gulani mankhwala mu famase yovomerezeka ndi chikalata cha dokotala, osati obwera m'chikwama cha mnzanu kapena otsatsidwa pa WhatsApp, amene simungadziwe mlingo wake ngakhale zimene zili m'kati. Anthu ambiri, pofuna kuchepetsa mtengo, amagula piritsi la 5 mg la prostate n'kuligawa panayi. Pa mlingo pokha palibe vuto lalikulu, koma piritsi lathunthu lili ndi chikuto chimene chimateteza wolikhudza, ndipo likadulidwa ufa wake umatsala pa mpeni, pa mbale ndi pa zala. M'nyumba mmene muli mayi woyembekezera kapena amene akufuna pakati, musadule piritsi limeneli. Gulani la 1 mg lathunthu, ndipo mulisunge pamalo amene mayi ndi ana safikapo.